Chingerezi cha Amake Tanya

Loweruka lapitali tinali kumanda kukavundukula chiliza cha Amake Tanya. Chaka chatha chimwalirireni mayi ameneyu, koma mpaka lero ndikamadutsa pageti pawo ndimayenda pang'onopang'ono, ngati kuti wina andiitana n'kundikalipira. Pobwerera, tili m'minibasi, mtsikana wina wa kwaya anandifunsa kuti, "Kodi amayi, mzungu ameneyu anali wa mishoni?" Ndinaseka mpaka kondakitala anacheuka. Munthu amene ankatha kuwaimitsa abusa panjira n'kuwauza kuti ulaliki wa dzulo unatalika popanda chifukwa, ameneyo akhale wa mishoni? Koma pambuyo pake funsolo linandiwawa. Ngati ana a kuno ku Kawale ayamba kale kuiwala, kuli bwino ine amene ndinakhala nawo mpanda umodzi pafupifupi zaka makumi atatu ndilembe zimene ndikudziwa.

Dzina lawo lenileni linali Galina, koma ndi anthu ochepa amene ankalidziwa. Anachokera ku Rasha. Amuna awo, malemu Bambo Kamwendo, anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, nakaphunzira zamagetsi kumeneko, n'kukwatira komweko. Matipate atabwera anabwerera kwawo ndi mkazi woyera ndi kamtsikana ka zaka khumi ndi zinayi, dzina lake Tanya. Abale ankaganiza kuti munthu wobwera ndi mzungu afikira kumayadi. Anafikira m'nyumba ya makolo awo, ya malata adzimbiri, moyandikana ndi yanga. Bamboyo sanakhalitse, patatha zaka zisanu zokha anatisiya ndi matenda a shuga. Tonse tinati basi, mayi uja azipita kwawo. Iwo anagula makina osokera opalasa ndi phazi, nawaika pakhonde, n'kuyamba kusoka madiresi a ukwati.

Chimene anthu sankachikhulupirira n'chakuti mzungu ameneyu sankadziwa Chingerezi. M'nyumba ankalankhula Chirasha ndi amuna awo ndi mwana. Chichewa anachitola pa kiyosiki ya madzi, pamsika ndi pamaliro, ndiye chinali Chichewa cha kumeneko, chosasefa, chokhala ndi mawu ena amene ine mphunzitsi sindingawalembe pano. Wogulitsa wachilendo akawaona ankadzikonza, n'kuwalonjera m'Chingerezi cha kusukulu, mtengo atakweza kale. Iwo ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, lankhula zomveka. Tomato wofota chonchi ukuti zingati?" Kubanki ndi kuchipatala zinali chimodzimodzi, ankasiya munthu amalize Chingerezi chake chonse kenako n'kumuuza kuti ayambirenso. Ndikawauza kuti aphunzireko ngakhale moni wokha, ankayankha kuti anaphunzira kale chilankhulo chimodzi chifukwa cha mwamuna, ndipo sakuona mwamuna wina woti amuvutikire ndi chachiwiri.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Sankaseka popanda chifukwa, ndipo ankati ife Amalawi timamwetulira ngakhale pamene tapsa mtima, n'chifukwa chake BP yatikwana. Nsapato zinkavulidwa pakhomo, kaya ndiwe mkulu wa mpingo. Tiyi ankamwa wopanda mkaka, m'tambula yagalasi, jamu ali pasupuni. Chaka chilichonse kabichi akatchipa ankadula ndowa ziwiri, kuthira mchere, kutsindira ndi mwala n'kusiya kuseri kwa chitseko, ndipo fungo lake linkafika mpaka kukhitchini kwanga. Tinakanganapo kangapo za kabichi ameneyu. Tsiku lina ndinawauza kuti ndikawanenera kwa a zaumoyo. Mawa lake ananditumizira mbale yodzaza, ndipo chokwiyitsa n'chakuti anali wokoma. Chitenje anavala zaka zonsezo koma kumanga sanakudziwe, chinkangokhala chopendekera mbali imodzi.

Za kwawo sankazikamba kawirikawiri. Mwezi wa Juni, ife titavala majuzi awiriawiri, iwo ankatuluka ndi bulauzi yokha n'kutifunsa ngati tikudwala. Amayi awo anamwalira ku Rasha iwo ali kuno, ndipo njira yopitira inalibe. Titamva, azimayi a mzere wathu tinanyamula mphasa n'kukakhala nawo masiku atatu, tikuimba nyimbo za maliro ngakhale m'nyumbamo munalibe bokosi. Ankati kuyambira pamenepo anasiya kudziwerengera ngati mlendo. Pakagwa zovuta, woyamba kufika ndi ndowa ndi nkhuni ankakhala iwo, ndipo sankachoka mpaka tsiku la kusesa. Chilichonse chimene azimayi a ku Kawale tinkati ndi mwambo, iwo ankachigwira ndi manja awiri.

Ndiye tangoganizani mmene ndinadabwira zaka zitatu zapitazo, tsiku lina masana, nditawaona akulowa pageti panga ndi kope latsopano ndi pensulo yosongoledwa bwino. Zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi awiri.

"Aphunzitsi, mundiphunzitse Chingerezi. Ndili ndi miyezi inayi."

"Mwamuna wina uja wapezeka?" ndinawafunsa.

Sanaseke. "Thoko akukwatiwa. Ukwati uchitikira kuno."

Ndinakhala pansi. Thoko anali mdzukulu wawo, mwana wa Tanya, amene anachoka kuno ali wa kumbuyo. Kuti mumvetse chifukwa chake dzina limeneli linandikhazika pansi, ndiyenera kubwerera m'mbuyo, ku nkhani imene ine ndemwe ndili ndi mlandu.

Chifukwa chosoka madiresi, atsikana ambiri okwatiwa ankadutsa m'manja mwawo, ndipo powayeza ankawauza mawu awiri atatu. Amayi a kumpingo tinaona kuti munthuyu pakamwa ali napo, ndiye tinawalowetsa m'gulu la alangizi, amene timakhala ndi mkwatibwi m'nyumba kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike n'kumuuza za banja. Mkulu wathu anali Mayi Chimphonda. Tinawaphunzitsa zonse monga tinaphunzirira ifenso: kulemekeza apongozi, kusunga chinsinsi cha m'nyumba, ndi kupirira, makamaka kupirira. Anaphunzira ngati mwana wakhama. Munthu wobwera amaopa kulakwitsa kanthu kuti anthu angati n'chifukwa si wakuno, ndiye iwo anadzakhala mlangizi wouma kuposa tonsefe.

Tanya anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Area 23, wa ntchito yabwino, wagalimoto, waulemu pamaso pa anthu. Ankamumenya. Kawiri konse Tanya anathawira kwa amake, ankhoswe n'kukambirana, iye n'kubwerera. Kachitatu anafika m'mawa, diso litatupa, Thoko ali kumbuyo, chikwama chili m'manja. Amake Tanya anabwera kwa ine ndi kwa Mayi Chimphonda kudzafunsa nzeru. Tinawauza kuti banja silitha chifukwa cha mbama, kuti mnyamatayo akakhwima adzasiya, ndiponso kuti mwana wa mlangizi akathetsa banja, atsikana ena adzamvera ndani. Mawu omalizawa ndinanena ndine. Anasita zovala za mwana wawo, nazipinda bwino, n'kumuperekeza okha mpaka pasiteji ya minibasi.

Patatha miyezi iwiri Tanya anagonekedwa kuchipatala, mkono ndi nthiti zitathyoka. Atatuluka sanabwere ku Kawale. Mnzake wina anamuthandiza kupita ku Joni ndi mwana, kenako tinangomva kuti ali ku Ireland, akugwira ntchito yosamalira okalamba. Amake anamulembera makalata m'Chirasha, koma palibe imene inayankhidwa. Ulangizi anausiya mwezi womwewo osanena chifukwa, ifenso osafunsa. Zaka zoposa makumi awiri tinkamwa tiyi limodzi, kukangana za kabichi ndi za ndale, dzina la Tanya tikulitchula tsiku lililonse powaitana, koma nkhani yake tikuilambalala ngati chithaphwi.

Amene anatsegula njira ndi Thoko. Atakula anafufuza yekha, napeza nambala kwa msuweni wa amake, ndipo tsiku lina foni ya agogo inalira, pagalasi pakuoneka nkhope ya mtsikana. Ankati anayang'anizana nthawi yaitali akungokwezerana manja. Mwanayo Chichewa ankadziwa zikomo yekha, Chirasha ndiye ayi ndithu. Anali atapeza mnyamata wa ku Area 25 amene ankagwira ntchito komweko ku Ireland, ndipo makolo a mnyamatayo anaumirira kuti ukwati ukhale kuno, ndi mwambo wake wonse. Thoko anapempha kuti malangizo achitikire kunyumba kwa agogo ake. Tanya anavomera kubwera, koma anatumiza uthenga kudzera mwa msuweni uja, wakuti amayi diresi asoke ngati akufuna, koma pa malangizo asatsegule pakamwa.

"Ndiye Chingerezi mukuchifuniranji, poti akuletsani kulankhula?" ndinafunsa tsiku loyamba lija.

"Ndilankhula. Koma ndikalankhula Chirasha, womasulira akhala Tanya, ndipo akana. Ndikalankhula Chichewa, mumasulira ndinu, ndipo inu ndimakudziwani, mumathira shuga. Ndikufuna mwanayo amve kuchokera pakamwa panga."

Tinayamba. Tsiku lililonse fili koloko, akaphimba makina, ankabwera kudzakhala patebulo panga. Ine ndinapuma ntchito nditaphunzitsa ana a pulayimale zaka zambirimbiri, koma mwana wosamva ngati ameneyu sindinakumanepo naye. Ndinafuna tiyambe ndi moni, masiku a sabata, kugula zinthu kumsika. Iwo anangovundukula masamba a buku langa lakale la galamala mpaka chakumapeto.

"Sindikufuna kugula tomato m'Chingerezi. Ndionetseni pamene pali 'ngati', ndi pamene pali 'ndikanadziwa'."

"Amake Tanya, zimenezo amaphunzira a Fomu 3. Inu Sitandade 2 simunafike n'komwe."

"Malangizo onse ndi 'ngati'. Akachedwa kubwera, uchite chakuti. Apongozi akadwala, uchite chakuti. Mwaiwala? Munandiphunzitsa ndinu."

Ndinagonja. Tinagwirizana kuti theka la ola tizichita mawu wamba, theka linalo ziganizo zawo za "if". Vuto lawo lalikulu linali kuika "will" pambuyo pa "if". Ankati, "If he will come late," ine n'kumenya tebulo ndi rula. Ankadandaula kuti m'Chirasha chinthu chikakhala cha mawa amachinena ngati cha mawa mbali zonse ziwiri, ndipo Angerezi ndi anthu achinyengo chifukwa amanena za mawa ngati za lero. Nditawafotokozera kuti Chingerezi chimasiyanitsa zimene zingathe kuchitika, zimene ukungolakalaka, ndi zimene zinaonongeka kale, anaika pensulo pansi. Anati kwawo kamawu kamodzi kakang'ono kamakwanira pa maloto ndi pa madandaulo pomwe, ndipo sakumvetsa kuti anthu a ku Mangalande anadandaula zingati kuti mpaka achite kuzigawa m'mashelefu.

Ziganizo za m'buku anazikana. Chimodzi chinkanena za munthu amene akanagula chombo akanakhala wolemera. "Chombo ndichiyendetse kuti? Mumtsinje wa Lilongwe, pakati pa majumbo?" Anati pamsinkhu wawo sangathe pensulo polemba bodza, ndiye ankapanga zawo. Tsiku lina magetsi atazima analemba kuti, "If electricity goes, my machine does not care." Tsiku lina, nditawakalipira kwambiri, analemba kuti, "I wish my teacher were not so proud," n'kundipatsa kuti ndichonge. Ndinachonga, poti galamala inali yokhoza.

Mwezi wachiwiri uli kumapeto anatsala pang'ono kusiya. Anatseka kope, nati mutu wawo wadzaza ulusi, mulibenso malo, ndipo mwina Tanya akunena zoona kuti nkhalamba ikhale chete. Ndinawauza kuti akasiya asadzapondenso pakhomo panga, chifukwa ine sindiphunzitsa anthu amantha. Anatuluka osatsanzika. Lamulungu lotsatira Thoko anaimba foni, ndipo ndinawamva kudzera pampanda akunena mokweza, liwu limodzilimodzi, kuti, "If you are hungry, I will cook." Mwana uja anakuwa ndi chimwemwe mpaka ine ndinamumva ndili kwanga. Lolemba fili koloko anali patebulo, ngati sipanachitike kanthu.

Titafika pa ziganizo za zinthu zimene zinapita kale, zija za "if I had" ndi "I wish I had", anasintha. Anayamba kubwera atalemba kale kunyumba, koma osafuna kuti ndiwerenge. Anatenga kachidutswa ka katoni kamene ankajambulira makolala a madiresi, nabowola kawindo kakang'ono, n'kumakayendetsa pamwamba pa mzere kuti ndizingoona mawu awiri kapena atatu. Ndinkaona "had given", n'kuti zili bwino. Ndinkaona "would not went", n'kuti ayi, lembani "would not have gone". Iwo n'kufufuta, n'kulemba, n'kusuntha kawindo. Ndinawauza kuti mphunzitsi sachonga chinthu chimene sakuchiona chonse. Anandiyankha kuti iwo amayeza mkono paokha, chiuno pachokha, koma diresi limakwana. Zoona zake n'zakuti sindinaumirire chifukwa ndinkaopa. Ndinkadziwa kuti m'ziganizo zimenezo ndilimo.

Alendo anafika kutatsala sabata imodzi, nafikira kuloji ina m'tauni. Thoko anabwera tsiku lomwelo, nakumbatira agogo ake pakhonde mpaka magalasi anagwa. Tanya sanaoneke mpaka Lachinayi masana, tsiku la malangizo. Anali atayamba imvi. Analowa, navula nsapato osauzidwa, n'kupereka moni kwa amake m'Chichewa, moni wa ulemu wonse, ngati wopereka kwa mayi wa mnzake. Kenako anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo.

Tinatseka makatani, n'kuyala mphasa. Thoko anakhala pakati atavala chitenje, miyendo atatambasula, mutu atazolika monga tinamuuzira. Womasulira ndinali ine. Mayi Chimphonda, amene tsopano amayendera ndodo koma mawu akadali omwe aja, ndiwo anayamba, ena n'kutsatira. Zambiri zinali zabwino, ndisanyoze ntchito yathu: za ukhondo, za kulandira alendo, za kusagona ndi mkwiyo, ndi zina zimene sitilemba papepala. Pomaliza anafika pa kupirira. Anati m'banja muli zowawa, mwamuna nthawi zina dzanja limamuthawa, koma mkazi wanzeru satulutsa za m'nyumba kunja. Ndinamasulira zonsezo. Ndinaona Tanya akugwira lamba wa chikwama chake, kukonzeka kunyamuka.

Pamenepo ndi pamene Amake Tanya anasendera pamphasa. Pepala analibe.

"Thoko, look at me," anatero. Mkwatibwi sayang'ana alangizi kumaso, koma mwanayo anadzutsa mutu.

Analankhula pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. "If he comes late, ask him why. If he is sick, cook for him. If he is poor, stay. If he beats you, one time, you come. Do not wait for ankhoswe." Anapisa dzanja m'bulauzi, natulutsa kiyi womangidwa pa kansalu koyera. Anali kiyi wa chipinda chakumbuyo, chokhala ndi khomo lakelake lakunja, chimene kale chinali cha Tanya. Anamufumbatitsa mdzukulu wawo. Kenako, maso akadali pa Thoko, ananena zija ndinkaziona pa kawindo. "I wish I had given this key to your mother. She came to me with you on her back. If I had opened this room, she would not have gone back to him. I listened to people. I was wrong."

Sanalakwitse ngakhale liwu limodzi, koma ine mphunzitsi wawo, m'malo monyadira, ndinasowa poyang'ana.

Mayi Chimphonda anandikoka chitenje. "Akuti chiyani? Tamasulirani, Aphunzitsi."

Ndikanatha kunena kuti akumufunira mwana mafuno abwino, nkhani n'kuthera pompo. Koma mayi wokalamba anali atavutika miyezi inayi kuti anene chilungamo m'chilankhulo cha eni, ndiye ine ndikaname m'chilankhulo changa? Ndinamasulira zonse monga zinalili, kuti akamenyedwa kamodzi kokha abwere, asadikire ankhoswe, ndiponso kuti agogo ake akanakonda akanapereka kiyi ameneyu kwa amake tsiku lija, koma anamvera anthu. Pofika pa anthuwo, ndinawonjezera kuti anthu ake ndi ine ndi inu, Mayi Chimphonda.

Kenako Mayi Chimphonda anagogoda ndodo pansi. "Awa si malangizo. Uku n'kupasula banja lisanayambe. Mwana mukumupatsa kiyi wothawira asanalowe n'komwe m'nyumba?"

"Amayi, ndinalangiza ana a eni ambiri ndi mawu anu," anayankha Amake Tanya m'Chichewa chawo chija. "Wangayu ndimulangiza ndi anga. Mwamuna wabwino kiyi ameneyu sangamuope."

Tanya anaimirira, navala nsapato, n'kutuluka. Ndinati basi, miyezi inayi yapita pachabe. Alangizi anabalalika osatseka ndi pemphero, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Potuluka ndinamuona Tanya kuseri kwa nyumba, ataima pakhomo la chipinda chija, akungoyang'ana loko. Ndinadutsa mwakachetechete.

Mawa lake m'mawa ndinadzidzimuka ndi phokoso kuseri kwa mpanda. Anali mawu a akazi awiri akukangana m'Chirasha, mokweza, wina asanamalize wina walowerera. Ndinasuzumira. Thoko anali ataima pampando atavala diresi la ukwati, amake agwira mpendero mbali iyi, agogo ake mbali inayo, akulimbana za kutalika kwake. Ndinabwerera m'nyumba n'kukalira. Amake Tanya ankachita ulemu wachete ndi alendo okha. Munthu akamukalipira, ndiye kuti ndi wawo.

Sindinena kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Tanya atabwera kudzanditsanzika anandiuza poyera kuti, "Aphunzitsi, kukhululuka sindinamalize, ndipo inunso ndikadali nanu. Koma ndawamva." Ndinamuyankha kuti sakulakwa. Komabe masiku otsalawo anasamuka kuloji kuja n'kudzagona kwa amake, ndipo atabwerera ku Ireland foni inkalira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Kope lija Amake Tanya sanabwere nalonso. Nditawafunsa ngati tipitirize, anati zawo ananena, Chingerezi chotsalacho ndisungire ena. Koma ndinkawamva akucheza ndi Thoko pafoni, kumufunsa ngati akudya mokwanira, galamala yanga yonse ataiponyera kutali, ndipo mwanayo ankamva bwinobwino.

Mayi Chimphonda anatha miyezi osatipatsa moni tonse awiri, ndipo mpaka lero amati tinachititsa manyazi gulu. Koma masiku ano pa malangizo, ndikafika pomuuza mtsikana kuti akamenyedwa abwere kwawo, iwo amangoyang'ana kudenga, ndodo ili chigonere pamphasa. Kwa munthu ngati ameneyo, zimenezo si zochepa.

Amake Tanya anagwa ndi sitiroko nyengo yozizira ya chaka chatha. Tanya anafika patatha masiku anayi, nakhala gadiyani wawo kuchipatala masabata atatu, akugona pansi pafupi ndi bedi ngati wina aliyense, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Matendawo anawalanda Chichewa chonse ndi Chingerezi chomwe. Anatsala ndi Chirasha chokha. Ine ndinkapita kukawaona, iwo n'kundigwira dzanja n'kumandiuza zinthu zambiri zimene sindinkamva, mpaka Tanya amasulire. M'wodi monsemo, mwina m'Lilongwe monse mwa anthu owadziwa, munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kuwamva akafuna madzi. Ndimaganiza kawirikawiri kuti masabata amenewo akanakhala otani, mayi uja akanamvera uthenga wakuti asatsegule pakamwa.

Maliro atatha, nyumba yaikulu Tanya anaichititsa lendi kwa banja lina la ku Mangochi. Bamboyo ndi wokhoma zidebe, ndipo pakhonde pamene panali makina tsopano pamaunjikidwa mbaula ndi ndowa. Koma chipinda chakumbuyo chija anakana. Ofuna nyumba amabwera sabata iliyonse, poti ku Kawale kuno ngakhale khitchini imapeza wolowamo, ndipo ine ndimawabweza. Kiyi mmodzi ali ndi Thoko ku Ireland, amene banja lake likuyenda bwino, moti mwamuna wake ndi amene amamukumbutsa kuti asamutaye. Wina Tanya anadulitsa n'kundisiyira, nati aliyense wofika ndi mwana kumbuyo ndimutsegulire, mafunso pambuyo. Zoti kiyi ameneyu anapatsa ine, mwa anthu onse, zimandichititsa manyazi ndi kundisangalatsa nthawi imodzi.

Lachisanu lililonse ndimakatsegula. Muli bedi limodzi, bulangete lopindidwa, beseni, ndowa, ndi mphasa yoimikidwa pakona. Pakhoma palibe chithunzi. Kumayambiriro kwa chaka chino munakhala mtsikana wina wa ku Biwi ndi ana ake awiri kwa masabata atatu, mpaka achimwene ake anabwera kudzamutenga. Anali mmodzi wa aja tinawalangiza kale kuti apirire. Chichokereni iye simunagonenso munthu. Ndimasesa, kukung'untha bulangete, kutsegula windo kuti mupite mphepo, kenako ndimakhala pang'ono pabedipo. M'Kawale monse muno, ndi chipinda chokhachi chimene ndikachipeza chopanda munthu ndimathokoza Mulungu, n'kuyala bwino, n'kukhoma.